Waya wa m'chifuwa cha mwana wa a Ziba

Ine ntchito yanga inali yodinda nyama. Boma linanditumiza ku Mzimba mu 1978 kuchokera kwathu ku Linthipe, ndili ndi mpeni, chidindo ndi kabotolo ka inki. Ng'ombe iliyonse yophedwa pa boma inkayenera kudutsa m'manja mwanga isanapachikidwe pamsika: ndicheke chiwindi, nditsegule mtima, ndipapase mapapo, kenako chidindo phaa. Anthu a butchala sankandikonda, ndipo ine sizinkandisowetsa tulo. Mmodzi yekha ndiye ankandilandira mano onse ali pamtunda, a Zondwayo Ziba.

Munthuyo anali chimphona, khosi ngati la nkhunzi, ndipo akakupatsa moni dzanja lako linkasowa m'dzanja mwawo. Dzina langa ndine Cosmas, koma iwo sanalitchulepo ndi tsiku limodzi lomwe. Kwa iwo ndinali a Vetenale basi. Chichewa ankachilankhula bwino ndithu, kungoti Chitumbuka chinkasuzumira paliponse. Ndikakana chiwindi chifukwa cha nyongolotsi, anzawo ankatukwanira m'mimba, koma iwo ankangogwedeza mutu n'kuti, "Mbwenu tayani, a Vetenale. Agalu nawonso ali ndi mimba."

Anabadwira cha ku Embangweni ndipo anakulira kumbuyo kwa ng'ombe za bambo awo. Atameta ndevu koyamba anachita zomwe mnyamata aliyense wa ku Mzimba ankachita masiku amenewo, kukwera ndege ya Wenela kupita ku migodi ya ku Joni. Pansi pa mgodi sanakhalitsepo. Kapitawo wa kukhitchini ya komponi anawaona tsiku lina akusenda mbuzi, n'kuwatenga kuti azidula nyama ya anthu ambirimbiri. Boma litatseka za Wenela anabwera kwawo ndi sowo, mipeni, njinga ndi jekete lachikopa lomwe ankalivala ngakhale mu Okutobala, n'kutsegula butchala pamsika.

Kuwaona akugawa ng'ombe kunali kosangalatsa, ndikunena ine amene ndaona a butchala m'maboma anayi. Sankathamanga, sankatukwana. Ankang'ung'udza nyimbo ya ingoma chapansipansi, n'kugogoda fupa ndi chigwiriro cha mpeni asanaikepo nkhwangwa. Ankati fupa lathunthu ndi fupa long'aluka salira mofanana. Pa nganga, paja pakumanira nthiti kutsogolo kwa chifuwa, ankamenya kamodzi kokha, ng'ombe n'kutseguka. Moyo wawo unali umenewo, ndipo ankaukonda. Lamlungu ankaimba besi kutchalitchi, khadi ya chipani inkakhala m'thumba la jekete, ndipo zandale sankazitola n'komwe.

Tsiku loyamba kundiitana kunyumba kwawo, kumtunda kwa msika, ndinapeza kamtsikana katanyonyomala pakati pa bwalo, mawondo ali pachibwano, kakupuma ngati kathamanga mtunda wautali. Kanali katangoyenda kuchoka pakhomo la nyumba kufika pomwepo. Milomo yake inali yoderako ngati ya mwana amene wadya jambula, ndipo nsonga za zala zinali zotupa.

"Uyu ndi Dyness," anatero a Ziba, mawu atatsika. "Chomaliza chathu. Anabadwa naye mtima wotere."

Anamunyamula ndi dzanja limodzi n'kumukhazika pamwendo. Akazi awo, amene aliyense ankawatcha NyaShaba potsata mfunda wa kwawo, anandiuza kuti kunyonyomalako sanamuphunzitse munthu, mwanayo anazipeza yekha kuti akatero mpweya umabwerako. Kusukulu ankapita pa njinga ya bambo ake, masiku amene wadzuka bwino okha.

Dokotala wa ku mishoni ndiye anayamba kumvetsera pachifuwapo n'kuwatumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre. Kumeneko anawajambulira mtima papepala, n'kuwaonetsa pomwe panali chibowo ndi pomwe njira ya magazi opita m'mapapo inali yothina. Anati kuno sizingatheke, koma boma limatumiza ana otere ku Joni, ndipo Dyness amulemba pamzere. A Ziba atabwerako anandipeza pophera ng'ombe, n'kutenga mtima wa ng'ombe ya tsiku limenelo, kuutsegula, n'kuloza ndi nsonga ya mpeni.

"Akuti chibowo chili apa. Ndamva. Koma kuti afikepo, a Vetenale, adzera kuti?"

Tonse tinkadziwa podzera pake.

"Ine zifuwa ndimatsegula tsiku ndi tsiku," anatero. "Sindinaonepo ng'ombe yodzuka. Yayi, mwana wanga sapita."

Amene anawagonjetsa ndi NyaShaba, mayi wamfupi wosakonda kulankhula. Dyness atakomoka m'mawa wina akusamba, mpaka kuda bii, NyaShaba anawayang'ana amuna awo n'kuti, "Ndiye mwasankha kuti afere pano ife tikuonerera?" Kuitana kutabwera mu 1980, Dyness anapita ndi a Ziba, poti ndi iwo ankadziwa zilankhulo za kumeneko. Munthu amene sanalirepo pochoka kwawo kupita kumgodi analira pa depoti ngati kamwana, ine ndikuona.

Za ku Joni ndinazimva kambirimbiri, moti ndikhoza kuzinena ndili m'tulo. Ankazikamba pophera ng'ombe, pamaliro, paukwati, kwa aliyense amene wakhala pansi. Opaleshoni inatenga m'mawa wonse mpaka dzuwa kupendeka. Kenako anawaveka chovala choyera ndi kansalu kotseka pakamwa, n'kuwalowetsa m'chipinda cha odwala mwakayakaya.

"Sindinamudziwe," ankatero. "Kamwana kakang'ono pa chibedi chachikulu, paipi pakamwa, paipi m'mphuno, ina pakhosi, ina pamkono. Makina ndi amene ankamupumira, fuu, fuu. Pansi pa chifuwa panatuluka mapaipi awiri otsikira m'botolo pansi pa bedi, ndipo m'botolomo munkadontha magazi. Ine ndikaona magazi akudontha choncho ndimadziwa kuti ntchito yatha."

Namwino wa Chizulu ndi amene anawakhazika mtima pansi. Anawalankhula, iwo n'kumayankha m'chilapalapa cha kumgodi kuphatikizapo timawu ta Chingoni ta m'nyimbo, mpaka namwinoyo anaseka n'kuwatcha malume. Anawauza kuti magazi a m'botolowo ndi ofunika atuluke, ndipo chomwe iye akuyang'ana n'chakuti azichepa ola ndi ola. Kenako anatenga dzanja lawo n'kuliika pa phazi la mwanayo. Phazilo linali lofunda. Chibadwire cha Dyness mapazi ake ankakhala ozizira ngati mwala wa pamtsinje. Atayang'ana kumaso anaona milomo yofiirira, ndipo anafunsa namwino uja ngati amupaka kanthu.

Sizinayende myaa ayi. Tsiku lachiwiri mtima unayamba kuthamanga mosalongosoka, makina n'kumalira, anthu ovala zoyera n'kudzaza pabedi, ndipo iwo anawatulutsa kunja. Kenako kunabwera kutentha thupi. Pabedi loyandikana panali kamnyamata ka ku Lesotho kamene anakachita opaleshoni sabata yomweyo. M'mawa wina a Ziba anapeza bedilo layalidwa bwinobwino, mulibe munthu. Sanafunse, poti anamvetsa okha.

Koma Dyness anakwera phirilo pang'onopang'ono. Anamuchotsa paipi ya pakamwa, ndipo mawu oyamba, osasa ngati a nkhalamba, anali akuti, "Adada, madzi." Madziwo anamukaniza, anangomunyowetsa milomo ndi thonje, ndipo mwanayo anakwiya n'kutembenuzira nkhope kukhoma. A Ziba akafika pamenepa ankaseka mpaka misozi. Ankati mwana wokwiya ndi mwana wamoyo. Anamuphunzitsa kutsokomola atakumbatira pilo pachifuwa, ndi kuuzira mpweya m'botolo la madzi kuti mapapo atseguke. Mapaipi anachoka imodziimodzi. Tsiku lina anayenda kuchoka pabedi kufika pazenera, n'kubwerera, osanyonyomala.

Chimene chinasokoneza zonse chinachitika tsiku lotuluka. Dokotala, pofuna kuwasangalatsa, anawaonetsa chithunzi cha m'chifuwa cha mwanayo pa galasi lowala. Mtima unali bwino, mapapo ali bwino. Koma maso a a Ziba anagwera pa zina. Pakati pa chifuwa, kutsika ndi fupa lonse, panali timawaya topotedwa, ngati mmene timamangira mpanda. Dokotala anati fupalo analicheka ndi sowo pakati, ndipo analimanga ndi waya amene adzakhale momwemo moyo wake wonse. Anati kwa miyezi itatu asanyamule cholemera, asathamange, asagundidwe pachifuwa. Ikatha miyezi imeneyo akhale ngati mwana wina aliyense.

Musaganize kuti a Ziba sanamve. Anamva bwinobwino, ndipo ankatha kubwereza mawu a dokotalayo. Kungoti sanakhulupirire. Iwonso waya ankagwiritsa ntchito: akang'amba nganga, n'kufuna kuti mbali ziwirizo zisatayane pa ngolo popita kumsika, ankazimanga ndi waya. Ndipo ankadziwa chomwe chimachitika ngolo ikagwa m'dzenje.

Dyness anabwera ku Mzimba ali munthu wina. Mpingo wonse unabwera kudzamuona, a Ziba anapha ng'ombe, ine n'kuidinda ndi manja awiri. Mwanayo anayamba kudya ngati dzombe, kunenepa, kutalika. Zala zija zinaphwa pang'onopang'ono. Sukulu anaigwira ndi mano, poti anali atatsalira, ndipo mutu unalipo. Chaka ndi chaka ankapita naye ku Blantyre kukamumvetsera, n'kubwerako ndi mawu amodzimodzi, akuti zonse zili bwino. Pakhomopo panali mtendere woti ukafika sufuna kuchoka. Madzulo a Ziba ankakhala pakhonde atatambasula miyendo, wailesi ikulira, Dyness akuwawerengera za m'buku la sukulu zomwe iwo sankazimva koma ankavomera "enya, enya" mpaka kumapeto.

Miyezi itatu ija inatha, chaka chinatha, zaka zinatha, koma lamulo la dokotala silinathe. Dyness asasenze ndowa. Asasinje. Asalime. Mpira wa manja ayi. Azakhali ake akabwera kuchokera kumudzi ndi manja otambasula kuti amukumbatire, a Ziba ankalowa pakati. Pa njinga ankamuyalira pilo, ndipo pa mabampu ankatsika n'kumakankha. Mtsikana wamkulu, wamsinkhu woposa mayi ake, ankapita kumjigo kukangoperekeza anzake, n'kubwera manja ali lende.

Ine ndinalankhula mpaka kukhosi kuuma. "A Ziba, fupa la munthu wamoyo limalumikizana. Wayayo ntchito yake inatha kalekale."

"Munalowamo, a Vetenale?"

"Sindinalowemo, koma ndinaphunzira."

"Dokotala uja amatsegula chifuwa kamodzi pa sabata. Inu mumabwera ine nditatsegula kale. Ine ndimatsegula tsiku ndi tsiku, ndipo sindinaonepo nganga yodzitseka."

Ndiye munthu wotere ungamutani? Ndinkapsa mtima mpaka kudinda nyama mokhota.

Tsiku lina NyaShaba anayesa. Amuna awo ali kumsika anamusenzetsa Dyness kandowa ka theka. Mwatsoka a Ziba anabwerera kudzatenga tupa, n'kukumana naye pachipata. Sanakalipe, sanamenye munthu. Anamutula kandowako, n'kukhala pansi padothi, chimunthu chonse chija, n'kuyamba kulira. Chakudya sanachikhudze mpaka mawa lake. Kuyambira pamenepo Dyness yekha analeka, chifukwa bambo ake ankawakonda kwambiri ndipo sanafune kuwaonanso atakhala padothi.

Zinakhala choncho mpaka 1987, pamene zotsatira za Sitandade 8 zinatuluka. Pa sukulu yonse atsikana osankhidwa anali awiri okha, ndipo mmodzi anali Dyness. Anamusankhira ku sekondale ya atsikana yogonera komweko, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Amene simunakhale masiku amenewo simungamvetse. Ana ankabwereza Sitandade 8 katatu, kanayi, mpaka kumera ndevu, malo osawapeza. NyaShaba analuluta mpaka mawu kutha. A Ziba anagawa chiwindi kwaulere kwa aliyense wodutsa, ndipo madzulo ake ananena kuti mwanayo sapita.

Zifukwa anali nazo, ndipo anaziganizira bwino. Basi ya pa msewu wafumbi imadumpha. Kusekondale amatchetcha udzu, amakolopa, amatunga madzi mipopi ikauma. Pa mzere wa chakudya amakankhana ndi zigongono. Ndipo bokosi lake lachitsulo adzamunyamulira ndani pomwe iwo kulibe? A hedimasitala anabwera kunyumba n'kunena mosabisa kuti sukulu ikatsegulidwa mwana osaoneka, malowo amapatsa wina, ndipo sabwereranso. A Ziba anawathokoza, "Yewo chomene," n'kuwaperekeza ndi nyama ya m'ntchafu.

Dyness sanalire pamaso pawo. Ine ndinalipo tsiku lomwe analankhula. Anagwada patali pang'ono monga mwa ulemu, n'kunena ndi mawu ofatsa ngati a mayi ake.

"Adada, ndapota, ndifunseko. Ku Joni kuja munanditengera kuti ndidzachite chiyani?"

"Kuti ukhale ndi moyo, mwana wanga."

"Moyowo ndili nawo. Ndiye ndiziutani? Ndizikhala nawo pampando?"

A Ziba anadzuka n'kupita kuseri kwa nyumba. Ine zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinawauza akazi anga kuti munthu ameneyu sindimulankhulanso. Ndinasungadi mawu angawo masiku angapo. Ndinkafika pophera, kucheka, kudinda, kuchoka, ngati sitidziwana.

Sukulu itatsala pang'ono kutsegulidwa, kunabwera mkulu wina wa ku Euthini, a Jonasi, akukusa ng'ombe yokoka ngolo, mfule yokalamba ya nyanga zazitali. Anaigulitsa kwa a Ziba, koma sanachoke. Anati akufuna aione mpaka pomaliza, poti yawagwirira ntchito nthawi yaitali. Anakhala pa chitsa chapafupi, chipewa chili pabondo.

Ataisenda n'kuigoneka chagada, a Ziba anagogoda pa nganga monga mwa masiku onse, n'kukweza nkhwangwa. Inagwa, koma ng'ombe sinatseguke. Anamenyanso. Nkhwangwa inalowa kumtunda ndi kumunsi, koma pakati inakanirira. Anthu amene ankadikira zam'kati anayamba kuseka kuti a Ziba akalamba. Iwo sanaseke. Anaika nkhwangwa pansi, n'kutenga mpeni, kupala mnofu wa pamalopo. Pansi pake fupa linali ndi chotupa chokhuthala, cholimba, chopingasa nganga yonse ngati mfundo ya mtengo.

"Pamenepo ndi pomwe inathyoka," anatero a Jonasi ali pa chitsa paja.

A Ziba anatembenuka. "Inathyoka?"

"Eya. Ili yaing'ono, tikuiphunzitsa goli. Ngolo inagubuduzika pa chigwembe, iyo n'kugwera chifuwa pa mwala. Ukaika dzanja apa unkamva fupa likusuntha, gwede gwede. Anthu anati ipheni, koma inali nthawi ya dzinja, nyama tikanagulitsa kwa yani? Ndinangoisiya m'khola, ana n'kumaimwetera udzu. Inagona, inagona, kenako tsiku lina inadzuka."

"Itadzuka?"

"Inabwerera pa goli. Chimanga, njerwa, fodya, mchenga wa tchalitchi chathu chonse, inakoka ndi imeneyi."

"Zaka zingati?"

A Jonasi anawerenga ndi ana awo m'malo mwa zaka. Anati mwana amene anali kumsana nthawi imeneyo tsopano akuweta yekha.

"Munaimanga ndi chiyani?" anafunsa a Ziba.

"Kumanga? Ng'ombe ungaimange m'kati?"

"Waya simunaike?"

A Jonasi anandiyang'ana ine ngati akufunsa kuti mkuluyu zikuyenda bwino. A Ziba anagwada m'magazi momwemo, n'kumasisita chotupacho ndi chala chachikulu. Zotupa zotere pa nthiti anali ataziona kambirimbiri, ndipo ankangozidula n'kuponya pa sikelo. Koma nyama ikafika kwa wa butchala imafika yopanda mbiri. Aka kanali koyamba kuti mwini ng'ombe akhale pambali n'kuwauza zomwe fupa linachita ili moyo.

"A Vetenale," anatero osadzutsa mutu. "Munthu nayenso?"

Kusalankhulana kuja ndinakuiwala. "Ndakhala ndikukuuzani zaka zisanu ndi ziwiri, inu!"

"Munkandiuza ndi pakamwa," anatero.

Anatenga sowo, kudula chidutswa chonsecho, kuchitsuka, n'kuchikulunga m'pepala. Nyama anaisiyira mnzawo wa butchala yoyandikana, chinthu chomwe sanachitepo chitsegulire, n'kuuyamba wa kunyumba ndi epuloni yamagazi. Ine ndinadinda mothamanga n'kuwatsatira. Ndikanasiya bwanji?

Anapeza NyaShaba akupeta, Dyness atakhala pamkeka akusankha nyemba, imodzi mwa ntchito zochepa zomwe ankaloledwa. A Ziba anaika fupa lija pampando n'kufotokoza za ng'ombe ya a Jonasi, mawu akuthamangitsana, Chichewa ndi Chitumbuka pamodzi. Ndiye panabuka vuto. Mwana wamkazi akakula, bambo ake sangamuone pachifuwa, kumukhudza ndiye ayi. A Ziba chipsera cha opaleshoni anachiona komaliza Dyness ali kamwana. Anatembenukira kwa akazi awo mwamanyazi.

"NyaShaba, pamene anachekapo paja, pamamveka bwanji?"

NyaShaba anaika lichero pansi. "Pali mzere wokwera, wolimba ngati mpini wa khasu. Ndinakuuzani ali Sitandade 4. Ndinakuuzaninso ali Sitandade 6. Munati akazi sitidziwa mafupa."

A Ziba anatembenuka, kuyang'ana kumpanda, msana uli kwa mwana wawo.

"Dyness, gogoda pamenepo ndi chala. Mwamphamvu. Ndimve."

Mtsikanayo anayang'ana mayi ake, n'kupinda chala, n'kugogoda pachifuwa pake pamwamba pa diresi. Tonse tinatchera khutu, ngakhale nkhuku zinachita ngati zamva. A Ziba anapendeketsa mutu.

"Kumunsi pang'ono."

Anagogodanso.

Mapewa a a Ziba anatsika. "Mbwenu," anatero. "Mugulireni bokosi."

Tsiku lonyamuka linali lamphepo, fumbi lili koboo m'tauni monse. Bokosi lachitsulo linali pakhonde, lobiriwira, dzina litalembedwa ndi penti yoyera, ndipo munali zofunda, mayunifolomu, mbale, sopo, chiponde ndi nyama yofutsa yoti ingadyetse kalasi yonse. Ine ndinabwera ndi njinga kuti tiikepo bokosilo. A Ziba anandiletsa. Anapempha chitenje kwa NyaShaba, n'kupota nkhata ndi manja awo, kuiika pamutu pa Dyness. Kenako ananyamula bokosi lija n'kumusenzetsa.

Kunena zoona, sanasenze mokongola. Mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri amene sanaphunzire kusenza amayenda ngati mwana wa ng'ombe wongobadwa kumene. Khosi linkagwedera, manja onse awiri ali m'mwamba kugwira bokosi, mapazi akufunafuna pansi. Koma ankaseka, ndipo thukuta linkatsika m'masaya. NyaShaba ankayenda pambali n'kumamuuza kuti awongole msana, ayang'ane kutsogolo. A Ziba ankabwera pambuyo ndi jekete lawo lachikopa. Bokosi likapendekeka, manja awo ankalumpha okha, ndiye anawalowetsa m'matumba a jekete n'kuwakanikiza momwemo.

Njira ya ku depoti imadutsa pamsika, ndipo pamsikapo panalibe munthu wosadziwa mbiri ya Dyness. Anthu anasiya malonda n'kumayang'ana. Ena anagwira pakamwa. Mayi wina wogulitsa mbatata, wodziwika ndi pakamwa pake, anaimirira n'kumanga chitenje.

"A Ziba! Manyazi mulibe? Chimunthu chonsecho manja m'thumba, mwana wa opaleshoni atasenza chitsulo! Mukufuna kumupha? Nkhanza zotani zimenezi!"

Ine ndinati pano pavuta. Koma a Ziba anaima, n'kumuyang'ana mayiyo nkhope yonse ikuwala, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Yewo, amama," anatero mokweza kuti msika wonse umve. "Nenaninso, anthu amve bwino. Mwana wanga wasenza, ine ndili chimanjamanja!"

Dyness sanatembenuke, poti ndi bokosi pamutu sakanatha. Anapitirira kutsika ndi msewu, akudzandira pang'ono, ndipo bambo ake anamutsatira mpaka pa khomo la basi manja ali m'thumba.